Nsalu Imene Alamu Anati Tisachape

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anabwerera kumudzi chaka chotsatira chisankho chija cha zipani zambiri. Anatsika minibasi pa Chimbiya ali ndi mwana wawo wamkazi, sutikesi imodzi ndi makina osokera opukusa pamanja atawakulunga m'bulangete. Amuna awo, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina ya nsalu ku Blantyre, anali atamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo abale a mwamunayo anasesa m'nyumba monse, mipando, bedi, ngakhale mapoto. Makinawo anapulumuka chifukwa tsiku limenelo anali kwa mayi wina woyandikana nawo amene anawabwereka.

Kwathu nako zinthu sizinali bwino. Amuna anga anali atangochotsedwa ntchito yocheka matabwa m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza, ndipo tsiku lonse ankangokhala pakhonde kumvera wailesi mpaka mabatire kutha. Tinkadalira dimba la mbatatesi ndi kabichi. Ine ndinali ndi ana atatu, wotsiriza akadali kumsana. Choncho pamene alamu ananena kuti tiyambe kusoka zofunda za zigamba n'kumagulitsa kumsewu, sindinakane, komanso sindinakondwe. Ndinangoona kuti pa ntchito zimene ndinali nazo kale pawonjezeka ina.

Luso limeneli iwo analiphunzira akadali mtsikana, kwa masisitere ku Kasina. Umatenga tizidutswa ta nsalu zosiyanasiyana, n'kutidula mofanana, n'kutilumikiza mpaka tikwane bedi. Pakati umaikapo bulangete lakale, kunsi nsalu imodzi yaikulu, kenaka n'kusoka zonsezo pamodzi. Kwathu kuno, kumene chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa, chofunda chotere chimalemera bwino pathupi ndipo mphepo siibowola. Zidutswazo zina tinkazipeza kwa atelala a pa Chimbiya, zina tinkadula ku madiresi ndi malaya a kaunjika ong'ambika amene anthu awakana.

Kusokako ndinakuzolowera msanga. Chimene chinkandiwawa chinali lamulo la alamu lakuti nsalu iliyonse, kaya yatsopano kaya yakale, ichapidwe kaye isanaone sizasi. Ankati nsalu yatsopano ikalowa m'madzi koyamba imabwerera, ina kwambiri ina pang'ono, pamene ya kaunjika inabwerera kale kwa eni ake kunjako. Ukazisoka pamodzi usanachape, tsiku limene wogula adzachape chofundacho yatsopano idzakoka inzake ndipo chonse chidzakhwinyata. Panalinso nkhani ya utoto. Nsalu zofiira ndi zobiriwira zimachucha, ndipo utotowo ukalowa pa yoyera suchokanso. Za kaunjika ankati zichapidwe chifukwa cha fungo lija la m'belo.

Zonsezi zinali zomveka, koma wochapa ndinali ine. Alamu anabwera ali ndi chifuwa kale, ndipo akangogwira madzi ozizira ankagona tsiku lotsatira. Ndikachoka kudimba ndinkasenza beseni kupita kumtsinje, umene madzi ake amatsika kuphiri akuluma ngati ali ndi mano. Tizidutswa sitichapika ngati chitenje. Ukatembenuka pang'ono tina tapita ndi madzi. M'mbali mwake mumatuluka ulusi umene umapotana, moti ukamavuula umapeza zonse zamangana mtolo umodzi, n'kuyamba kumasula ndi zala zimene sizikumvanso kanthu. Zofiira ndinkazinyika pazokha m'ndowa ya madzi amchere. Ndikayanika pa udzu, mphepo ya mwera inkaziulutsira m'munda mwa eni ake, kapena mbuzi inkadutsa n'kutafunapo. Nkhungu ikatsika, nsalu zinkakhala masiku zili zonyowa, zina mpaka kuyamba kununkha chinyezi, ndipo alamu akazinunkhiza ankati ndibwerere nazo kumtsinje.

Zikauma zinkakhala zitapindikapindika ngati masamba a fodya, ndiye pankabwera kusita. Tinali ndi simbi ya makala, ija yokhala ndi katambala pachotsekera. Makala a paini amene tinkapeza mosavuta sachedwa kutha ndipo amathetheka, kotero kuti nthawi ndi nthawi kamoto kankagwera pansalu n'kusiya kabowo. Alamu ankayala bulangete patebulo, n'kuika chidutswa, pamwamba pake kansalu koyera konyowa, kenaka simbi. Nthunzi inkatuluka n'kudzaza m'kachipinda monse. Msoko uliwonse unkayenera kusitidwa usanalumikizidwe ndi unzake, ndiye tsiku lonse unkangoyenda pakati pa makina ndi tebulo, kutuluka panja kukakupiza simbi, kubwereranso. Ine ndinkasita monga momwe ndinkasitira malaya a amuna anga, uku ndi uku, kuti ndithane nazo. Iwo ankandigwira dzanja.

"Musamakoke simbi, mlamu. Muziitsindika n'kuinyamula. Nsalu yonyowa mukaikoka imatalika, ngodya sizikumananso."

Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri, moti ndikagona ankandibwerera m'makutu.

Tsiku lina ndinapita pa Chimbiya kukatenga zidutswa kwa telala amene tinkagulako kawirikawiri, bambo wachikulire wachisilamu amene ankasokera pakhonde la sitolo atavala mzuli woyera. Polandira thumba, iwo anaona ming'alu ya m'manja mwanga n'kufunsa ngati ndayamba kuumba njerwa. Nditawafotokozera, anapukusa mutu. Anati iwo chiyambire kusoka sanachapepo nsalu ya munthu asanaidule. Nsalu yatsopano imakhala ndi sitachi, imadulika mowongoka, imayenda bwino pamakina, ndipo wogula amakonda kuwala kwake. Ukaichapa imafooka, n'kumathawa pansi pa sizasi.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mofulumira, ndikubwereza mawuwo mumtima kuti ndisaiwale ngakhale limodzi. Alamu anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati telalayo sananame, koma malaya ndi nsalu imodzi, ikabwerera imabwerera yonse pamodzi, pamene chofunda chathu ndi nsalu za m'manyumba ambiri. Anatenga kapu yoyera, kuthiramo madzi otentha, n'kuponyamo kachidutswa ka chitenje cha chipani.

Zitenje za zipani zinali mbwee masiku amenewo. Kukakhala msonkhano wa ndale azimayi ankapita kukavina n'kubwerako ndi nsalu, ndipo ena anali nazo za chipani chilichonse m'sutikesi. Ife tinkasinthanitsa nawo ndi kabichi. Nkhope za atsogoleri tinkazidula n'kuziika pambali, chifukwa wogula akaona nkhope imene saikonda ankachisiya chofunda chonse. Zinkathera kugwirira chogwirira cha simbi chikatentha. Koma nsalu zimenezi zinkapangidwa mothamanga, ndipo pa kuchucha panalibe yoziposa. Madzi a m'kapu muja anasintha mtundu tikuona.

Ndinawauza alamu kuti madziwo ndawaona, ndipo sindikutsutsa, koma chimene sindikudziwa n'kumene ndingakapeze msana wina, chifukwa umene ndili nawowu watha. Iwo anakhuthula kapu ija panja n'kubwerera pamakina. Amuna anga, amene anamva zonse ali pakhonde, anangokweza wailesi. M'mawa mwake ndinapeza beseni lili pakhomo litadzaza, ndipo ndinalisenza.

Kumsewu nako lamulo lija linkatipweteka nthawi zina. Ndinkayala zofunda pa chingwe pakati pa azimayi ogulitsa mbatatesi ndi tomato. Mayi wina anatsika m'galimoto yopita ku Lilongwe, kuchigwira chofunda, kuchitembenuza, kenaka kuchinunkhiza. Anati ichi chachapidwapo, ndiye kuti munthu wagonamo kale, tisamanamize anthu. Ndinayesa kufotokoza za kubwerera kwa nsalu koma iye anali atatembenukira kale ku ndowa za mbatatesi. Madzulo ndinabwerera nacho pamutu. Nditawauza alamu, anangoti amene akudziwa adzabwera. Ndipo ena ankabweradi. Namwino wina wa ku mishoni anagula chimodzi, n'kudzaitanitsanso china cha mayi ake. Koma anthu otere anali ochepa, ndipo milungu yambiri ndinkangopsa ndi dzuwa pamsewu paja n'kubwerera ndi katundu yense.

Tinakhala choncho zaka zingapo. Sindinganene kuti tinkadana. Tinkadyera pamodzi, ana anga ankawakonda, ndipo mwana wawo ndinkamuona ngati wanga woyamba. Kungoti pakati pa ine ndi iwo panali beseni lija, ndipo aliyense ankadziwa maganizo a mnzake popanda kuwabwereza.

Chifuwa chawo chinkakulirakulira. Anayamba kuonda, zilonda za m'kamwa sizinkapola, ndipo amuna anga ankawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala n'kubwerako ndi mapilitsi amene ankathandiza mlungu umodzi. Dzina la matendawo panalibe amene ankalitchula, ngakhale tonse tinkadziwa mmene amuna awo anapitira. Nthunzi ndi utsi wa makala zinayamba kuwatsamwitsa, choncho kusita nakonso kunagwera ine. Iwo ankakhala pamkeka pafupi ndi khomo, atafunda, n'kumandiyang'ana m'manja. Akaona kuti ndayamba kukoka simbi sankalankhulanso, ankangogogoda pansi ndi chala.

Kenaka kunabwera nkhani yabwino. Mwana wawo uja anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, kudera lina lozizira ngati kwathu. Sukulu inkatsegulidwa mu Januwale, ndipo uthenga unatipeza mochedwa. Alamu anadzuka pamkeka tsiku limenelo ngati munthu amene sanadwalepo. Anati mwanayo sangapite ndi bulangete la kaunjika ngati alibe mayi wosoka. Anatulutsa m'sutikesi malaya oyera a malemu amuna awo, amene anawabisa abale aja akusesa m'nyumba, ndipo anandituma pa Chimbiya kukagula nsalu yatsopano yofiira, yodula pampukutu, osati zidutswa. Kanali koyamba kuti tigule nsalu yathunthu yatsopano.

Mlungu umenewo kunagwa mvumbi. Mvula inkangowaza usana ndi usiku, phiri silinkaoneka, ndipo matewera a mwana wa mnansi wathu ankayanikidwa m'khitchini pamwamba pa moto. Ndinafika ndi nsalu ija nditaibisa m'pepala la pulasitiki pansi pa chitenje. Popanda kufunsa ndinatenga ndowa ndi mchere, ndikuganiza kale za kumene ndikaiyanike. Alamu anandiitana.

"Isiyeni, mlamu. Bweretsani sizasi."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinawakumbutsa kuti ndi yofiira, ndipo ikukakumana ndi malaya oyera.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndilibe masiku odikira nsalu kuti iume."

Zaka zonse zija ndinkalakalaka kumva mawu akuti ndisachape. Atabwera, ndinaima ndi ndowa m'manja osadziwa poiika. Ndinayamba kuwachonderera ineyo. Ndinati ndiiyanika pamoto, ndiisita mpaka iume, sizitenga nthawi. Iwo anati pamoto idzanunkha utsi, ndipo makala amene tili nawo ndi onyowa, sangaumitse nsalu yonseyo. Anatambasula dzanja kudikira sizasi, ndipo ndinawapatsa.

Telala uja ananena zoona. Nsaluyo inkadulika ngati pepala, ndipo pamakina inkayenda yokha. Alamu ankadula atakhala pamkeka, thabwa lili pamiyendo, akupumira pafupipafupi. Ine ndinkapukusa makina. Posita anandiletsa kansalu konyowa, kuopa kuti nthunzi ingayambitse utoto kuyenda chofunda chisanachoke n'komwe pakhomo. Ndinkangotsindika simbi youma, yosatentha kwambiri. Mwana uja akafuna kuthandiza, mayi ake ankamubweza kuti akawerenge, koma iye ankakhala pakhomo la chipinda buku lili pamiyendo osatembenuza tsamba. Misoko yomaliza ya pamanja, yogwirizitsa pamwamba, bulangete ndi nsalu yakunsi, alamu anaisoka okha. Inali yotalikirana kuposa mmene ankandilolera ine, ina yokhota, ndipo sanaiphwasule.

Chinatha kutatsala tsiku limodzi. Chinali chokongola kuposa zonse zimene tinasokapo, chofiira chikuwala, choyera chili mbee, ngodya zonse zitakumana. Anansi anabwera kudzachiona. Alamu anamuuza mwanayo kuti asafulumire kuchichapa, azingochiyanika padzuwa n'kuchikutumula. Sanamuuze chifukwa chake. Kumsewu sanathe kufika, anatsanzikana naye pakhomo, ndipo ine ndi amuna anga ndi amene tinamuperekeza.

Atachoka mwanayo alamu sanakhudzenso makina. Ndinkawasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza, kuchapa zogonera zawo kumtsinje komwe kuja. Kudimba kunamera tchire. Anamwalira chimanga chikuyamba kukhwima. Mwanayo anabwera kumaliro ndi kachikwama kakang'ono, n'kubwerera kusukulu tsiku lotsatira titaika, chifukwa mayeso anali pafupi.

Patchuthi anafika ndi sutikesi yake n'kuilowetsa kunsi kwa bedi. Kunja kunali kutayamba kuzizira, koma ndinaona kuti akufunda chitenje chokha ndi juzi. Nditamufunsa za chofunda anati chili m'sutikesi, n'kusintha nkhani. Ndinamusiya masiku angapo. Tsiku lina m'mawa, ana ena atapita kotunga madzi, ndinamuuza kuti achitulutse tichiyanike. Anachedwa m'chipindamo, ndipo potuluka anali akulira kale.

Anali atachichapa kusukulu. Atabwerako kumaliro anadwala malungo n'kusanzirapo, ndiye panalibe kuchitira mwina. Anachinyika m'beseni usiku wonse ndi sopo waufa amene mnzake anamupatsa. Chofiira chinalowa m'malaya a bambo ake monse, pena kwambiri pena pang'ono, ngati madzi otsukira nyama. Nsalu yatsopano ija inabwerera n'kukoka zinzake, moti chofunda chonse chinali matumbamatumba, m'mbali mwake mutakhota, ndipo misoko ina ya mayi ake inali itaduka.

"Azakhali, amayi anandiuza kuti ndisachape. Ndachiwononga ine."

Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse, za nsalu yobwerera, za mchere, za mvumbi uja. Ndinamuuza kuti mayi ake ankadziwa kuti tsiku lina chidzachapidwa ndipo chidzatere, ndipo anasankha okha kuti apite nacho chotero kusiyana n'kuti apite wopanda kanthu. Anandifunsa chifukwa chimene sanadikirire kuti mvula ikate n'kudzamutumizira pambuyo. Ine ndinangoyamba kupinda chofundacho, ndipo iye sanabwereze funsolo.

Tinayesa zimene tikanatha. Tinapita nacho kumtsinje tonse awiri, chifukwa chikanyowa munthu mmodzi sangachinyamule. Tinachitsukuluza mpaka madzi anasiya kufiira, koma zimene zinalowa m'malaya zinakhala momwemo. Chitauma ndinakoleza simbi, n'kutenga kansalu konyowa, n'kuyamba kutsindika chigamba chimodzichimodzi, ndikukoka pang'ono ndi dzanja pamene panakhwinyata kwambiri. Ntchitoyo inanditengera tsiku lonse, mutu ukuwawa ndi utsi wa makala. Matumba ena anagona, ena anakana. Misoko yoduka ndinafuna kuisoka ndekha, koma mwanayo anapempha singano. Anali asanasokepo chofunda, ndipo ndinamuonetsa polowetsa ndi potulutsa. Ulusi wakale wa mayi ake, ngakhale pamene unaduka, sanauchotse. Ankangosoka pambali pake.

Ine ndinapitiriza kusoka zofunda kwa kanthawi, ndekha. Zina ndinkachapa, makamaka zofiira ndi za zipani, zina ndikatopa ndinkangodula. Palibe wogula amene anabwera kudzadandaula, koma anthu a pamsewu sabwerera, ndiye sindidziwa mmene zinathera m'manyumba mwawo. Kenaka mabulangete a kaunjika anachuluka pa Chimbiya n'kutsika mtengo, ndipo chofunda chimene chanditengera milungu sichikanapikisana nawo. Amuna anga anapeza ganyu yocheka matabwa kwa munthu wina ku Dedza, ine ndinabwerera kudimba. Makinawo ndinawapaka mafuta n'kuwasungira mwini wake, mwana wa alamu uja.

Tchuthi chija chitatha ndinamuperekeza mwanayo kumsewu. Chofundacho sichinkalowanso bwino m'sutikesi chifukwa cha matumba aja, choncho tinachikulunga pachokha n'kuchimanga ndi chingwe. Minibasi inachedwa. Tinakhala pamwala pafupi ndi ogulitsa tomato, iye atakumbatira mtolo wake. Itafika, kondakitala anafuna kuuponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatatesi, koma iye anakana n'kukwera nawo, kuuika pamiyendo. Ndinadikira mpaka inakhota, kenaka ndinauyamba wa kudimba, chifukwa kabichi anali asanathiriridwe.